Malogi ndi mayeso a kernel ya Linux: chida chiti chikuyenerani kuno ku Tete

Anthu ogwira kernel ya Linux (mtima wake umene umalamulira zipangizo za makina) m'chigawo chathu cha Tete ndi ochepa, koma alipo ndithu. Pali ophunzira amene akulemba driver (kapulogalamu koyendetsa chipangizo) yawo yoyamba, pali osamala ma rauta a OpenWrt m'maofesi a ku Moatize, palinso oika timakompyuta ta Raspberry Pi pa mipope ya sola kumtunda ku Angónia ndi ku Tsangano. Onsewa amalira chimodzi: makina angoima njii, sikirini yada kapena kulibiretu sikirini, ndipo mukawayatsanso amadzuka ngati sanalakwe kanthu. Zida zothandiza zilipo zambiri, pafupifupi zonse zaulere, n'chifukwa chake kusankha kumavuta. Ife timati yambani ndi njira yotulutsira mawu omaliza a kernel kunja kwa makinawo, mayeso abwere pambuyo. Mayeso ogwetsa makina osasiya umboni amangotha mayuniti.

Zimene tikuyang'ana pa chida chilichonse

Pa mtengo sitikunena za layisensi, poti palibe chogula. Tikunena za ma mega otsitsira, mayuniti a Credelec, RAM imene chidacho chimadya ndi maola a munthu. Kodi (code) ya kernel ya 6.x yopanikizidwa mu tar.xz imaposa 130 MB. Git yathunthu ya mbiri yonse ndi ma GB angapo, ndipo `git clone` ikaduka panjira imayambiranso pachiyambi. Mmodzi atsitse komwe intaneti ili bwino, apange `git bundle`, enanu mukopere pa flashi.

Pa kupezeka tikufunsa ngati chidacho chili kale m'kernel ya distro yanu (mtundu wa Linux umene mwaika, monga Debian kapena Ubuntu), kapena mpaka mukompaile (mumange kuchokera ku kodi) ina, kapena mugule kachipangizo. Pa kusamalira tikukumbukira kuti kernel yatsopano imatuluka pakatha milungu 9 kapena 10, ndiye chida chofuna kukonzedwa nthawi iliyonse kernel ikasintha chimatopetsa munthu amene ali yekha. Zoopsa ndi kutaya mafayilo, kuwotcha bodi, kuulula zinsinsi, ndi china chimene anthu sachiwerengera: kukhulupirira zotsatira zabodza.

Nyengo nayo ilowe m'masamu. Mumzinda wa Tete mu Okutobala ndi Novembala kutentha kumadutsa madigiri 40, ku Moatize fumbi la malasha limatseka mafani. Kompyuta imene ingakompaile tsiku lonse ku Ulongué osadandaula, kuchigwa kuno imadzichepetsa liwiro kapena kuzima yokha.

printk, dmesg ndi journald

Kernel imalemba mauthenga ake ndi `printk` m'kachigawo ka RAM kamene kakadzaza, atsopano amafufuta akale. Kukula kwake kumachokera pa CONFIG_LOG_BUF_SHIFT, pomwe 17 ndiye 128 KB, ndipo mutha kukakulitsa ndi `log_buf_len=4M` pa mzere woyatsira kernel. Uthenga uliwonse uli ndi mlingo, kuyambira 0 wa ngozi yeniyeni mpaka 7 wa ofufuza okha. Ka `quiet` kamene ma distro amaika mu GRUB kamabisa pa console (sikirini kapena serial) mauthenga a mlingo 4 kupita m'tsogolo. Kachotseni, kapena onjezani `ignore_loglevel`.

Mtengo ndi kupezeka: palibe cholipira, zili pa Linux iliyonse.

Kusamalira: pangani foda ya /var/log/journal kuti journald izisunga pa disiki, ndiye `journalctl -k -b -1` ikuonetsani zimene kernel inanena musanayatsenso. Pa makina a SD khadi ikani SystemMaxUse=100M, khadi lisathe msanga. Mu driver yanu musathire `printk` paliponse. Lembani `dev_dbg` kapena `pr_debug`, muziyatsa pomwe mwafuna ndi `echo 'module dzina_la_driver +p' > /sys/kernel/debug/dynamic_debug/control`.

Zoopsa: journald ndi pulogalamu wamba. Kernel ikachita panic (kuima chifukwa cha vuto lalikulu) journald nayonso yafa, choncho mizere imene mukuifunitsitsa ndiyo siifika pa disiki.

Chingwe cha serial

Tikanauzidwa kusankha chida chimodzi chokha, tikanatenga ichi. Kernel imatumiza uthenga uliwonse pa UART (timapini ta serial ta pa bodi) nthawi yomweyo, kuyambira bootloader (kapulogalamu koyatsa kernel) mpaka mzere womaliza wa panic, ndipo kompyuta ina imaulandira. Paja akuluakulu amati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo: logi imene yafika kale pa laputopu ndiyo yanu.

Mtengo: ka adaputa ka USB kokhala ndi chip ya CH340, CP2102 kapena FT232, ndi mawaya atatu. Ndi kotchipa kuposa bandulo imene mungathe pofunsa anthu pa intaneti chifukwa chimene makina anu akuimira. Pamafunikanso kompyuta yachiwiri, ndipo laputopu yakale ndiyo yabwino chifukwa batire lake limapitiriza kulandira magetsi akazima.

Kupezeka: m'mashopu a zamafoni simuwapeza kawirikawiri. Funsani kwa okonza ma decoder ndi ma TV, kapena tumani amene akupita ku Beira, ku Maputo, ku Blantyre podzera pa Zóbuè, kapena ku Lilongwe podzera pa Calómue. Gulani awiri. Mabodi pafupifupi onse ali ndi UART, koma malaputopu amakono alibe, ndipo adaputa ya USB yolumikiza pa makina amene akugwawo siidalirika, poti imafuna kuti gawo la USB la kernel likhale lamoyo.

Kusamalira: pa Raspberry Pi 3 kapena 4, GND ndi pini 6, TX ndi pini 8, RX ndi pini 10. TX ya bodi ipite ku RX ya adaputa, RX ipite ku TX. Mu config.txt muike `enable_uart=1`, mu cmdline.txt muike `console=serial0,115200`. Pi 5 ili ndi kabowo kake ka mapini atatu ka UART pakati pa ma HDMI awiri. Pa kompyuta ya x86 ndi `console=ttyS0,115200`. Mbali yolandira lembani `picocom -b 115200 --logfile logi.txt /dev/ttyUSB0`, ndipo dzina lanu likhale m'gulu la dialout. Pakatuluka zilembo zosawerengeka, liwiro silikugwirizana kapena GND yamasuka. Mabodi a Rockchip amalankhula pa 1500000, liwiro limene ma CP2102 ambiri salifika koma CH340 imalifika. Ngati makina akufa console isanatseguke, onjezani `earlycon`.

Zoopsa: mapini a Pi ndi a 3.3 V. Ma adaputa ambiri ali ndi kajampa kosankha 5 V kapena 3.3 V, ndipo muyese ndi mita musanalumikize. Waya wa VCC musaulumikize n'komwe. Doko la DB9 la makompyuta akale ndi RS-232, limene limasewera mpaka 12 V mbali zonse ziwiri, ndipo likakhudza UART ya bodi mwachindunji bodiyo yapsa. Chinanso n'chakuti serial ndi yochedwa: pa 115200 mumadutsa zilembo pafupifupi 11,500 pa sekondi, ndiye mzere wa zilembo 100 umadya ma millisecond 9. Mukathira `printk` m'kati mwa interrupt handler, nthawi imasintha, ndipo vuto lobwera chifukwa cha ma CPU awiri kulimbirana chinthu chimodzi limabisala, n'kudzabweranso mukachotsa mzerewo.

netconsole

Imatumiza mauthenga omwewo pa UDP. Pa makina ovutawo `modprobe netconsole netconsole=@/eth0,6666@192.168.1.10/`, pa olandira `nc -u -l 6666`. Mtengo ndi chingwe cha Ethernet basi, ndipo module yake ili m'ma distro akuluakulu onse. Pa Wi-Fi musayembekeze kuti igwira. Kusamalira ndi kuonetsetsa kuti IP ya wolandira siikusintha, komanso kuti switch ili pa UPS, apo ayi magetsi akaphethira logi yapita. Zoopsa: siiona zochitika khadi la netiweki lisanadzuke, siithandiza ngati driver ya netiwekiyo ndiyo ikugwa, ndipo mauthenga amayenda osabisika.

pstore ndi ramoops

Izi ndi za makina amene ali patali, opanda kompyuta yachiwiri pambali. Panthawi ya panic kernel imalemba mizere yomaliza m'kachigawo ka RAM kopatulidwa, ndipo ikadzukanso mumaipeza mu /sys/fs/pstore m'mafayilo ngati dmesg-ramoops-0. Pa makompyuta a UEFI pali efi-pstore, yolemba m'kamemore ka firmware.

Mtengo: RAM yochepa kwambiri, 1 MB ndi yambiri kale.

Kupezeka: pamafunika CONFIG_PSTORE_RAM ndi malo a RAM osungidwa mu device tree kapena pa mzere woyatsira. Adiresi ikalakwika mumapondana ndi firmware, ndiye werengani mapu a memore a bodi yanu.

Kusamalira: ikani `panic=10` kuti makina adziyatsenso okha pakatha masekondi 10, ndipo muyatse watchdog, yoyatsanso makina akauma. Ntchito ya systemd-pstore imasamutsira mafayilowo ku /var/lib/systemd/pstore. Yesani zonsezi pa benchi ndi `echo c > /proc/sysrq-trigger` musanakwere nayo bodi ku Furancungo.

Zoopsa: ramoops imapulumuka makina akadziyatsanso, osati magetsi akachoka. Mlonda wa pamalopo akaona kuti makina aima n'kuzula pulagi, kapena batire la sola likatha usiku, umboni wafufutika. Muuzeni kuti asakhudze. Ya EFI imapirira kuzima, koma kamemore kake n'kakang'ono, ndipo mu 2013 malaputopu ena anafa osadzukanso chifukwa kanadzaza. Kuyambira pamenepo kernel imasiya malo otsala. Musazimitse chitetezo chimenechi ndi `efi_no_storage_paranoia`.

kdump

Kernel ikagwa, kexec imadzutsa kernel yachiwiri imene inadikira m'RAM yopatulidwa, ndipo iyo imakopera memore yonse ya yakufayo ku /var/crash. Mumaitsegula ndi pulogalamu ya `crash`, n'kuona process iliyonse, loko iliyonse, ngakhale zili m'kati mwa struct.

Mtengo: `crashkernel=256M` ndiye kuti RAM imeneyo yachoka mpaka kalekale. Pa seva ya 16 GB simumva, pa bodi ya 1 GB ndi gawo limodzi mwa anayi. Kuti muwerenge vmcore, fayilo ya memore yokoperedwayo, pamafunika vmlinux (fayilo ya kernel) yokhala ndi zizindikiro za debug ya kernel yomweyo ndendende, ndipo phukusi lake ndi ma MB mazanamazana.

Kupezeka: kdump-tools pa Debian ndi Ubuntu, ndipo pa banja la Red Hat imabwera pafupifupi yokonzeka. Pa mabodi ang'onoang'ono a ARM imavuta.

Kusamalira: `makedumpfile -d 31` imataya masamba osafunika kuti fayilo ichepe. Kernel ikasintha, yesaninso ndi sysrq. Kdump yosayesedwa kawirikawiri imalephera tsiku limene yafunika, makamaka chifukwa 256M yachepa.

Zoopsa: vmcore imanyamula mapasiwedi, makiyi a disiki ndi zilizonse zinali m'RAM. Musaitumize pa WhatsApp kwa munthu wongoti akuthandizani.

ftrace ndi bpftrace

Pamene makina sakugwa koma akuchedwa kapena akuchita zachilendo, `printk` siikwana. ftrace, ya Steven Rostedt, inalowa m'kernel 2.6.27 mu 2008. Imalemba m'RAM, CPU iliyonse payokha, choncho siisokoneza nthawi ngati serial. Mu /sys/kernel/tracing lembani `echo 'i2c_*' > set_ftrace_filter`, kenaka `echo function_graph > current_tracer`, muyendetse chinthu chovutacho, muwerenge fayilo ya `trace`. Muona ntchito iliyonse imene yaitanidwa ndi nthawi imene yatha.

Mtengo ndi wochepa ikakhala yozima, ndipo ili m'ma kernel a ma distro ambiri. `trace-cmd` ndi KernelShark ndi timaphukusi tating'ono. bpftrace, yolondola kernel ndi timasikiriputi, imafuna kernel yatsopanoko ndipo imakoka LLVM, imene ndi yolemera kutsitsa ndiponso siikwana pa rauta. Posamalira, ma tracepoint sasinthasintha kwambiri, koma mayina a ntchito zam'kati amasintha ndi kernel, ndiye timasikiriputi tanu tidzathyoka. Zoopsa: kuyatsa `func_stack_trace` musanaike sefa kungaumitse makina onse. Zolembedwazo zili m'RAM, ndiye onjezani `ftrace_dump_on_oops` kuti zitulukire pa serial makina akagwa.

KUnit

Tsopano mayeso. KUnit inalowa m'kernel 5.5 mu 2020, ndipo imayesa tintchito tating'ono m'kati mwa kernel momwemo: ntchito yowerenga mapaketi, yosintha manambala a sensa, yosanja mndandanda. `./tools/testing/kunit/kunit.py run` imakompaila kernel yaing'ono ya User Mode Linux, imaiyendetsa ngati pulogalamu wamba, n'kukupatsani zotsatira.

Mtengo: laputopu wamba ikwana. Ulendo woyamba ndi mphindi zingapo, kenaka masekondi.

Kupezeka: ili m'kodi ya kernel. Pamafunika Python 3, ndi QEMU (pulogalamu yoyendetsa kompyuta yongoyerekeza) ngati mwaonjeza `--arch=x86_64` kapena `--arch=arm64`.

Kusamalira: mayesowo mumalemba nokha. KUNIT_EXPECT_EQ imapitiriza ikalephera, KUNIT_ASSERT_EQ imaima pomwepo, ndipo yachiwiriyi ndiyo ya pointer imene ingakhale NULL. Phindu lina n'lakuti imakukakamizani kulekanitsa masamu a driver ndi mbali yokhudza chipangizo.

Zoopsa: siiona chipangizo chenicheni, ndiye driver itha kukhoza mayeso onse n'kukagwa pa bodi. Ikakuuzani kuti muchite `make mrproper`, koperani .config yanu kaye, chifukwa lamulo limenelo limaifufuta.

kselftest, LTP ndi xfstests

Izi zimayesa kernel yamoyo kuchokera kunja. kselftest ili mu tools/testing/selftests: `make headers`, kenaka `make -C tools/testing/selftests TARGETS="timers net" run_tests`. LTP (Linux Test Project), imene inayambira ku kampani ya SGI, ndi yotsitsa padera ndipo ili ndi mayeso masauzande a ma system call, memore ndi mabowo odziwika a chitetezo. Masiku ano imayendetsedwa ndi `kirk` m'malo mwa `runltp` yakale. xfstests ndi ya okhudza ext4, XFS kapena Btrfs.

Mtengo: maola a makina. Mayeso a LTP onse amatha tsiku pa bodi yofooka, ndiye sankhani gulu, monga syscalls.

Kupezeka: kselftest imafuna malaibulale osiyanasiyana malinga ndi gulu limene mwasankha. Pa bodi, kompailani pa laputopu ndi cross-compiler, muchite `install`, mukopere foda yonse, muyendetse `run_kselftest.sh`.

Kusamalira: apa ndi pamene ntchito ili. Ngakhale kernel yabwinobwino imalephera mayeso ena. Yendetsani kaye pa kernel yosakhudzidwa, musunge zotsatira, muziyerekeza. Chofunika ndi kusiyana kwake, osati chiwerengero cha zolephera. Mayeso a kselftest amapatsidwa masekondi 45 aliwonse pokhapokha gulu litadziikira nthawi yake, ndiye pa Pi yotentha ena amalephera chifukwa chongochedwa. Pa LTP kwezani LTP_TIMEOUT_MUL.

Zoopsa: SKIP mu kselftest ndi TCONF mu LTP zikutanthauza kuti mayesowo sanayende n'komwe, mwina chifukwa simuli root kapena config ikusowa kanthu. Tsamba lopanda FAIL koma lodzaza SKIP silinayese kalikonse. `make kselftest-merge` imawonjezera zosowazo mu .config. Gulu la cve la LTP limagwetsa dala kernel yosakonzedwa, mayeso a oom amadya RAM yonse, choncho seva ya ofesi si malo ake. xfstests imafomata SCRATCH_DEV mobwerezabwereza. Ma disiki a USB amasinthana mayina makina akayatsidwanso, /dev/sdb ya dzulo n'kukhala /dev/sdc lero, ndiye mu local.config lembani njira ya /dev/disk/by-id, apo ayi mudzafomata disiki ya zithunzi za ukwati za m'bale wanu.

KASAN, lockdep ndi KFENCE

Izi si mayeso mwa izo zokha, koma popanda izo mayeso ambiri amadutsa pamwamba pa vuto osaliona. Driver ikalemba baiti imodzi kupyola malire a memore yake, kawirikawiri palibe chimagwa lero. KASAN, yolowa mu 4.0, imaigwira pomwepo n'kunena mzere umene walemba, pamene memoreyo inapatsidwa ndi pamene inamasulidwa. lockdep, yoyatsidwa ndi CONFIG_PROVE_LOCKING, imaona maloko awiri otengedwa mosemphana ngakhale makina asanaumepo. Onjezaninso CONFIG_DEBUG_ATOMIC_SLEEP.

Mtengo: KASAN imatenga gawo limodzi mwa asanu ndi atatu a RAM ndipo kernel imachedwa kawiri kapena katatu. KFENCE, ya mu 5.12, imangoyang'ana mwa apo ndi apo, mwachizolowezi pa ma millisecond 100 aliwonse, imadya pafupifupi 2 MB, ndipo ndi yoti n'kusiya yoyaka pa makina ogwira ntchito.

Kupezeka: KASAN ndi lockdep mpaka mukompaile kernel yanu. `make localmodconfig` imachepetsa zokompaila kufika pa ma module amene makina anu akugwiritsa ntchito, ndipo ccache imafupikitsa maulendo otsatira. Lumikizani zipangizo zonse za USB musanaiyendetse, chifukwa zosalumikizidwa imazisiya kunja.

Kusamalira: sungani ma config awiri, ya debug ndi ya ntchito. Lipoti lidutse mu `scripts/decode_stacktrace.sh` kuti maadiresi asanduke mayina a mafayilo ndi mizere.

Zoopsa: lockdep ikanena vuto loyamba imadzizimitsa, ndipo KASAN nayo imangonena loyamba pokhapokha mutaika `kasan_multi_shot`. Ngati driver ya wina yalira poyatsa, yanu ikuyesedwa popanda woyang'anira. Werengani dmesg kuyambira pamwamba.

syzkaller

Ichi ndicho anthu amachithamangira chifukwa cha mbiri yake, ndipo ndicho timawabweza kawirikawiri. Dmitry Vyukov wa ku Google anachilemba kuti chizipeka ma system call osokonekera, chikuyang'ana kudzera mu KCOV mbali za kodi zimene chafika, mpaka kernel itagwa.

Mtengo: wokwera kuposa zonse. VM (kompyuta yongoyerekeza) iliyonse imafuna pafupifupi 2 GB ndi ma CPU awiri, ndipo phindu limabwera pakatha masiku chikuyenda osaima. Kompyuta yokoka 200 W imatha 4.8 kWh patsiku, 144 kWh pa masiku 30, osawerengera fani kapena AC ya m'chipindamo. Onjezani kutsitsa Go ndi chithunzi cha Debian chimene `create-image.sh` imapanga.

Kupezeka: pamafunika KVM, ndiye VT-x kapena AMD-V iyatsidwe mu BIOS, ndi kernel ya KCOV ndi KASAN.

Kusamalira: syzbot, syzkaller yoyendetsedwa ndi Google, yakhala ikuyesa kernel yaikulu usana ndi usiku kuyambira 2017 pa makina ochuluka kuposa amene tingasonkhanitse chigawo chonse. Kubwereza zomwezo kunyumba n'kupeza zimene zinapezeka kale. Phindu lili pa driver yanuyanu, ndipo pamenepo muyenera kulemba mafotokozedwe a ioctl zake mu syzlang, apo ayi chimangogogoda pakhomo osalowa. Chabwino chake n'chakuti corpus.db, fayilo ya mayeso amene chasonkhanitsa, imasungidwa pa disiki, magetsi akabwera chimapitiriza.

Zoopsa: chiyende mu VM basi, osati pa makina enieni a pa netiweki ya ofesi. Pa kompyuta yotentha kapena ya RAM yodwala mumalandira malipoti a mavuto amene kulibe. Pemererani fumbi, muyendetse memtest86+ usiku umodzi, muziona kutentha ndi `sensors`. Vuto losabwerezeka pa makina ena musalikhulupirire.

Zoyendetsa mayeso zokha: virtme-ng, ktest.pl, labgrid ndi LAVA

virtme-ng imayatsa kernel imene mwakompaila mu QEMU pogwiritsa ntchito mafayilo a laputopu yanu omwewo, osawawononga. `vng --build`, kenaka `vng -- ./mayeso.sh`. Palibe chithunzi cha disiki chotsitsa. Mukailumikiza ndi `git bisect run` mumapeza commit (kusintha kumodzi kwa kodi) imene inabweretsa vuto: pakati pa ma kernel awiri otsatizana pali ma commit oposa 10,000, koma kudula pakati maulendo 14 kumakwana. Sikiriputi ibweze 0 ngati zili bwino, 1 ngati zalakwika, 125 ngati sizinatheke kuyesa.

Pa bodi yeniyeni, ktest.pl ya mu tools/testing/ktest imakompaila, kukopera, kuyatsanso ndi kuwerenga serial yokha. Mu config yake mumaiuza CONSOLE ndi POWER_CYCLE. labgrid ya Pengutronix imachita zofanana kudzera mu Python ndi pytest, ndipo imalola anthu angapo kubwerekana mabodi. LAVA ya Linaro ndiyo imayendetsa malabu ambiri otumiza zotsatira ku KernelCI, ntchito yosonkhanitsa mayeso a kernel.

Mtengo: virtme-ng ndi ktest.pl palibe, kupatula relay ya USB yozimitsira bodi. LAVA imafuna seva yosazima yokhala ndi PostgreSQL, UPS, ndi munthu woisamala.

Kupezeka: virtme-ng ndi labgrid zimabwera ndi pip, LAVA ili m'maphukusi a Debian.

Kusamalira: pa labu ya mabodi, zambiri zolephera si za kernel. Ndi chingwe cha USB chomasuka, SD khadi yotha, charger yofooka. Ma adaputa a serial atchuleni ndi /dev/serial/by-path, chifukwa ma CH340 alibe nambala yowasiyanitsa ndipo ttyUSB0 imasinthana ndi ttyUSB1.

Zoopsa: relay idule mbali ya 5 V kapena 12 V, osati 220 V ya pakhoma. Pa bisect, magetsi akazima bodi ikuyesedwa, sikiriputi imaganiza kuti kernel yagwa n'kubweza 1, ndipo maulendo onse otsatira amasochera mpaka kuloza commit yosalakwa. Sikiriputi ibweze 1 pokhapokha serial yaonetsa uthenga weniweni wa vutolo. Ngati bootloader sinalankhule n'komwe, ibweze 125. Pomaliza chotsani commit yolozedwayo ndi `git revert`, muone ngati vuto lathadi.

Ndani atenge chiti

Wophunzira wa laputopu imodzi ya 4 GB kapena 8 GB, kaya ali ku ISPT (Politekiniki ya ku Tete) kaya akudziphunzitsa kunyumba: virtme-ng, kernel ya KASAN ndi lockdep, KUnit pa kodi yake. Module yake asaiyese pa kernel ya laputopu yomweyo. Mu QEMU serial ndi yaulere, ndipo kugwa sikutaya kanthu.

Wolemba driver ya sensa kapena ya mpope pa Raspberry Pi: adaputa ya serial kaye, dynamic debug, ftrace ikavuta nkhani ya nthawi. Mabodi akakwana awiri kapena atatu, relay ndi ktest.pl kapena labgrid.

Wosamala makina a kumudzi a sola, kumene ulendo umodzi ndi tsiku lathunthu pa njinga yamoto: ramoops, `panic=10`, watchdog, KFENCE, ndi journald yochepetsedwa. Akhale pa kernel ya LTS (yosamalidwa nthawi yaitali) monga 6.6 kapena 6.12, ndipo kasikiriputi katumize za mu pstore netiweki ikangopezeka.

Wa maseva a ofesi, sukulu kapena chipatala ku Tete ndi ku Songo: journald yosunga pa disiki, netconsole yopita ku seva ina ya pa UPS, ndi kdump yoyesedwa. Kernel yatsopano ayambe waiyendetsa ndi gulu la syscalls la LTP pa makina opuma. Asanakanene vuto kwa osamala kernel ayang'ane /proc/sys/kernel/tainted, chifukwa ngati muli module yakunja, chilembo P kapena O chimaoneka mu lipoti ndipo adzamuuza kuti aichotse kaye.

Wofuna kuyamba kutumiza zokonza ku kernel yaikulu alibe chifukwa choyendetsera syzkaller. Atenge vuto limodzi pa tsamba la syzbot lokhala ndi pulogalamu ya C yolibwereza, aligwetse mu QEMU, akonze, apemphe syzbot imuyesere ndi lamulo la `#syz test`. Magetsi ake ndi a Google. Syzkaller ya kunyumba ndi LAVA zidikire gulu lokhala ndi chipinda chozizira, UPS ya batire lamoyo, ndi driver yawoyawo yolandira mauthenga kuchokera kwa anthu osawadziwa.